Moni Wachitatu wa Foni ya Alamu

Pakampani pomwe ankagwira ntchito panalibe amene ankakumbukira dzina lake lenileni. Kuyambira alonda a pageti mpaka abwana a m'chipinda cham'mwamba, onse ankangoti a Makiyi. Koma musaganize za munthu woyenda ndi mulu wa makiyi olira m'chiuno, ayi. Makiyi ake sankaoneka ndi maso. Iye ndiye ankasamala wayifayi ya kampaniyo, kampani yogulitsa zipangizo zomangira nyumba: utoto, mapaipi, misomali, matailosi ndi zina zotero.

Ofesi yake, ngati n'koyenera kuitcha ofesi, inali kachipinda kopanda zenera kunsi kwa masitepe. Munali mpando umodzi, kompyuta, makwerero achitsulo otsamira kukhoma, ndi kabati yaitali ya seva, kompyuta yaikulu yosunga mayina a antchito onse, yomwe inkangolira huuu tsiku lonse. Seva sifuna kutentha, ndiye makina oziziritsa sankazimitsidwa. Kunja dzuwa lizichita kuswa mtengo, Makiyi ali m'jekete, chimfine chosatha, kampango m'thumba. Anali munthu wamtali, wowonda, wosalankhulalankhula, woti akamayenda m'khonde maso ali kudenga. Antchito atsopano ankamuyesa wodzimva, osadziwa kuti akuyang'ana mbale zake.

Mbalezo zinali timabokosi toyera tozungulira tomwe anatikhomera kudenga, m'maofesi, m'makonde ndi pakhonde la pageti. Wayifayi ya pakampani si ya kunyumba ija, yoti pasiwedi imodzi aidziwe ana, alendo ndi aneba omwe. Apa aliyense anali ndi dzina lake ndi chinsinsi chake. Foni ikalowa pageti inkadzitchula dzina kwa mbale yapafupi, mbale n'kufunsa seva ya m'kachipinda ka Makiyi kuti, kodi ameneyu ndi wathu? Seva ikavomera, foni ndi mbale zinkakhala ndi kiyi wofanana. Ndiye pankatsala chinthu chimodzi, kutsimikizirana kuti kiyi ali kunoyu ndi yemweyo ali ukoyo, popanda kumutumiza mumpweya, poti za mumpweya amamvera aliyense. Mbale inkatumiza nambala yongotola. Foni inkayankha ndi nambala yakenso, itadindapo chidindo chomwe angadinde yekhayo amene ali ndi kiyi. Mbale inkabweza chidindo chake. Pomaliza foni inkati ndamva. Mauthenga anayiwo akatha, munthu walowa, ndipo pasikirini ya Makiyi pankatuluka mzere wobiriwira.

Amene anawatcha mauthengawo kuti moni ndi alamu ake, amuna a achemwali ake, omwe anali woyang'anira sitolo ya katundu pakampani pomwepo. Makiyi atawafotokozera tsiku lina, iwo anawomba m'manja n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Basi zomwezi n'zimene unapitira kukoleji? Moni, moni, muli bwanji, ndili bwino! Mlamu, ukanandifunsa ine ndikanakuphunzitsa ulere."

Alamuwo anali aafupi, amimba, a pensulo kukhutu, ndiponso a mawu oti akayankhula kusitolo ankamveka kugalaja. Makiyi sankawaona ngati alamu chabe. Makolo ake atamwalira iye ali kamnyamata ka pulaimale, achemwali ake anali atangokwatiwa kumene, akukhala m'nyumba ya chipinda chimodzi ndi pabalaza. Amuna ena akanati mwana wa eni ake apite kwa amalume ake. Awa anagula nsalu, n'kutchinga ngodya ya pabalaza, n'kunena kuti, "Chipinda chako ndi ichi, bwana." Ankamubweretsera mawailesi akufa kuti azitsegula. Tsiku lomwe anatsegula yamoyo n'kuipha, achemwali anatenga lamba, alamu n'kuwalanda, akuti musiyeni, dokotala aliyense amayamba ndi maliro. Ngakhale malo a ntchito awa anawamva ndi iwowo, n'kumukoka dzanja mpaka pakhomo la ofesi yolemba antchito.

Foni ya alamu inali yakalekale, yosweka galasi, yomangidwa ndi mphira kuti chivindikiro chisagwe. Sitolo nayo inali yaitali, mashelefu achitsulo mpaka kudenga, koma mbale inali imodzi yokha, pakhomo. Maoda onse a katundu ankabwera pafoni, kudzera pa wayifayi. Akapita kumapeto komwe kunkakhala mapaipi, foni inkaduka, ikayesa kulumikizanso moni woyamba unkafika, wachiwiri unkabwerera, koma wachitatu unkasochera m'zitsulo muja. Mbale inkadikira yankho, kudikira, kenako n'kuleka. Ndiye sabata sinkatha alamu asanakankhe chitseko cha kunsi kwa masitepe ndi phewa.

"Iwe wa m'firiji, yathera pati lero?"

"Pa wachitatu, alamu."

"Wachitatu yemweyo! Mbale yako ndi yamwano, inatengera mwini wake."

Makiyi ankawauza kuti agule foni ina, iwo n'kumati foni ilibe mlandu, inakula nawo limodzi. Anali atalemba kangapo kupempha abwana kuti kusitolo kuikidwe mbale yachiwiri, yankho linali lija la masiku onse loti tiona. Kunena zoona, mumtima mwake sankadandaula kwenikweni. Alamu okha ndi amene ankalowa m'kachipinda kaja akuseka.

Ena onse ankamuopa, ndipo chifukwa chake n'chochititsa manyazi. Kale, mlembi wina wa kumalonda atalandira kalata yomuchotsa ntchito, anakhala pakompyuta n'kufufuta zonse asanatuluke. Kuyambira pamenepo abwana analamula kuti munthu aliyense wochotsedwa azitsekeredwa wayifayi kalata isanamufike. Mwamva? Munthu wagwira ntchito mpaka imvi, koma woyamba kumuuza kuti watha ikhale foni! Anthu sanachedwe kuzindikira. M'mawa uliwonse ukaima pageti unkaona aliyense akuchepetsa liwiro, kutulutsa foni, kuyang'ana pakona ya sikirini, kenako kupuma mozama n'kulowa. Moni wa pakampanipo unasanduka wakuti, "Yagwira?" Wina n'kuyankha kuti, "Yagwira, tidakalipo." Amene yake yakana, anzake ankamupatukira ngati wadwala nthenda yopatsirana.

Wotseka anali Makiyi. Sankasankha ndiye, koma chala chinali chake, ndipo anthu amadana ndi chala chomwe akuchiona. Kukantini akakupatsa moni mwansangala, unkagona osadya, poganiza kuti akukumvera chisoni. Akapanda kukupatsa moni, ndiye kwatha, akuchita manyazi. Mapeto ake anayamba kubwera ndi chakudya chake m'kabokosi, n'kumadyera pafupi ndi seva.

Lachisanu lina masana analowa amayi a ku ofesi yolemba antchito, omwe anthu ankawatcha Mayi Envulopu. Sanali munthu woipa, anali munthu wotopa. Anatseka chitseko, n'kuimirira atapinda manja chifukwa cha kuzizira. Anati sitolo yonse ikuperekedwa kwa kampani ina yakunja kuti iziyendetsa, anyamata onyamula katundu asamukira kumeneko, koma woyang'anira abwera ndi wawo.

"Lolemba m'mawa mutseke dzina la woyang'anira sitoloyo, anthu asanalowe."

Makiyi anatembenuza mpando n'kuwayang'ana.

"Mayi, mukudziwa kuti ndi alamu anga?"

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndabwera ndekha, osakutumizirani uthenga. Tikudziwa ndife awiri ndi abwana basi. Mukukumbukira amene anali pampandowu inu musanabwere?"

Ankakumbukira. Munthu uja anangonong'oneza mnzake kuti akonzeke, mnzakeyo n'kukwera masitepe kukatukwana abwana, onse awiri n'kutuluka pageti tsiku limodzi. Makiyi anali ndi mkazi woyembekezera, mwezi uli pafupi, ndipo mkaziyo sanali pantchito. Ankawadziwanso alamu ake. Sanali munthu wosunga nkhani pakati pa mano. Akanangomva, Lolemba lisanafike akanakagogoda kunyumba kwa abwana.

Loweruka lonse Makiyi anangokhala ndwii. Mkazi wake atamufunsa, anati ndi chimfine.

Lamulungu lililonse ankakadya kwa achemwali, ndipo kulephera kukanabweretsa mafunso ambiri kuposa kupita. Mkazi wake anatsala chifukwa miyendo inali itatupa. Anapeza alamu ali panja atavala kabudula, akulimbana ndi geti la mpanda lomwe linkakhula pansi.

"Wafika bwino, injiniya. Gwira sipanala iyi, tione ngati umadziwa zitsulo zooneka ndi maso."

Alamu ananyamula geti, Makiyi akumanga mabawuti. Anali pafupi kwambiri moti ankamva kupuma kwawo, ndi fungo la sopo yemwe uja ankasamba iye ali mwana. Iwo ankangolongolola. Akuti mawa kukubwera thiraki ya matailosi, akufuna asinthe mashelefu a kumanzere, mnyamata wina watsopano sadziwa kusiyanitsa utoto wa madzi ndi wa mafuta. Kenako anamugunda ndi chigongono.

"Koma iwe wotseka anzako, tsiku ukadzafika pa dzina langa udzandiuze. Ndidzavale suti, ndidzatuluke ngati bwana."

Anaseka okha. Makiyi naye anaseka, Mulungu amukhululukire, anaseka ndithu. Anaika sipanala pansi, n'kunena kuti, "Alamu." Iwo anati, "Ee?" Anawayang'ana thukuta likutsika m'khosi, geti lili m'manja, nkhope ili ngwee. Anatolanso sipanala.

"Kwezani pang'ono mbali iyo."

Achemwali anaitana kuti chakudya chapsa. Anaphika mpunga ndi nkhuku, ndipo alamu anatola ntchafu n'kuiponya m'mbale ya Makiyi, akuti adye anenepe, mwana asadzabadwe n'kuyesa bambo ake ndi mlongoti. Anadya. Sanamve kukoma kulikonse, koma anamaliza yonse kuti achemwali asafunse.

Lolemba analawirira. Anakhala pampando, anatsegula tsamba la mayina, n'kupeza la alamu. Kutseka munthu si ntchito yotulutsa thukuta. Kabokosi kamodzi, kompyuta n'kufunsa ngati watsimikiza, iwe n'kuvomera. Anavomera. Kenako anangokhala, manja ali pakati pa mawondo, akuyang'ana mizere yobiriwira ikutsika pasikirini pamene anthu ankalowa pageti. Pakati pake panatuluka wofiira. Foni ya alamu inadzitchula dzina, mbale ya pageti inafunsa, seva inakana.

Apa ndi pomwe Makiyi analakwa, ndipo palibe chifukwa chomubisira. Dzina linali litatsekedwa kale, panalibenso chinsinsi choti asunge. Akanatha kunyamuka, kupita pageti, kuwatengera pambali. Sananyamuke. Anadziuza kuti Mayi Envulopu ali kale panjira ndi kalata, nkhaniyi ndi ya ofesi yawo. Koma abwana anali asanasaine, anali atachedwa kwinakwake, ndipo kalata inali idakali patebulo.

Munthu wina aliyense akanadziwa pageti pomwepo. Alamu okha ndi amene sakanadziwa, chifukwa foni yawo inkakana sabata ndi sabata. Mlonda atafunsa kuti, "Yagwira, akulu?" iwo anaikweza m'mwamba n'kunena mokweza kuti, "Yakana kachikena! Mlamu wanga akonza." Mlonda anasuzumira pasikirini ya foniyo, n'kuona kuti yakanira pageti penipeni, pansi pa mbale, pomwe foni iliyonse imagwira. Anangowerama. Nkhani inathamanga kuposa mwini wake. Alamu anadutsa pabwalo lonse akupereka moni, akuseka madalaivala, akulamula anyamata kuti akonze malo a matailosi, ndipo aliyense ankayankha maso ali pansi. Anatsegula sitolo, anasesa pakhomo, anakangana ndi wa thiraki. Maoda atalephera kubwera, ndi pomwe anapita kunsi kwa masitepe.

Chitseko chinakankhidwa ndi phewa monga mwa masiku onse.

"Iwe wa m'firiji! Lero ndiye yanyanya, ngakhale pakhomo ikukana. Yathera pati?"

Makiyi analandira foni ija. Inali yofunda chifukwa chokhala m'thumba la malaya. Anaitembenuza, anakonza mphira, anaitembenuzanso.

"Wachitatu yemweyo eti?"

"Ayi, alamu."

"Wachiwiri? Ndiye yakalamba zoona."

"Lero sizinapatsane moni n'komwe. Sizinafike pamenepo."

Alamu anali ataphunzira zambiri m'kachipinda kaja kuposa mmene ankaonetsera. Ankadziwa kuti moni usanayambe pamakhala kufunsa kuja, ndiponso amene amayankha. Kumwetulira kunatsala pankhope pawo kanthawi ngati kwaiwalika. Anayang'ana kabati ya seva, anayang'ana sikirini pomwe mizere yofiira inali itandandalika, yonse ya dzina limodzi. Anachotsa pensulo kukhutu, n'kuiika m'thumba.

"Oho," anatero.

Sanakuwe. Makiyi ankayembekezera kukuwa, ankakufuna, akanakulandira ndi manja awiri. Iwo anangotambasula dzanja, iye n'kuwabwezera foni. Pakhomo anakumana ndi Mayi Envulopu akubwera mothamanga, kalata ili m'manja, akupepesa kuti achedwa.

Masiku otsatira Makiyi anawaimbira foni alamu, sinayankhidwe. Analemba uthenga, anaufufuta, analembanso. Koma m'mawa uliwonse, anthu akamalowa, mzere wofiira uja unkabwera. Sunkachokera mkati. Mbale ya pageti inkafika mpaka kutsidya kwa msewu, pomwe panali mthunzi wa womata matayala ndi benchi yathabwa. Foni sidziwa kuti mwini wake wachotsedwa ntchito. Ikangomva dzina la netiweki yomwe inaizolowera, imagogoda, ikakanidwa imadikira pang'ono n'kugogodanso. Makiyi ankawerenga kugogodako kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoweruka, ndipo chakudya chake chinkabwerera kunyumba osachikhudza.

Kenako achemwali anaimba.

"Kodi kumeneko mukuwagwiritsa ntchito yanji alamu ako? Akumabwera atatopa, osadya, osayankhula. Ndi sitolo yomweyo kapena mwawaonjezera ina?"

Apa ndi pomwe anazindikira kuti alamu sananene kunyumba. Ankadzuka, kusamba, kuvala malaya a kampani, kutsanzika, n'kudzakhala pabenchi. Makiyi anati netiweki ikuvuta, aimbanso. Taonani munthu wa netiweki kunamizira netiweki! Atadula foni anavula jekete, anatuluka, anadutsa pageti mlonda akumuyang'ana, n'kuwoloka msewu.

Anawapeza atakhala kumapeto kwa benchi, akuonerera womata matayala akumiza chubu m'madzi. Anali atachepa thupi. Malaya anali ositidwa bwino, ndi dzanja la achemwali.

"Alamu."

"Khalani, a Makiyi."

Kuyambira ali mwana sanamvepo alamu akumuuza kuti khalani. Anakhala.

"Lamulungu lija, tikukonza geti kunyumba, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ntchafu ija munadya mukudziwa."

"Alamu, ndikanakuuzani…"

"Mukanandiuza ndikanakaswa chitseko cha abwana, inunso akanakuchotsani, akazi anu ali ndi pakati. Ndikudziwa. Masiku onsewa ndakhala pano ndikuwerengera zimenezo. Sindine chitsiru. Za Lamulunguzo ndinakukhululukirani ndisanafike n'komwe pabenchi pano."

Womata matayala anapeza pobooka, n'kulembapo ndi choko.

"Koma Lolemba," anapitiriza alamu. "Lolemba munali mutatseka kale. Chinakuletsani n'chiyani kudzaima pageti paja? Kungondigwira mkono, alamu musalowe, tiyeni uku. Basi. Munandisiya ndizungulire bwalo lonse ndikuseka, ndikutchula dzina lanu, mlamu wanga akonza, mlamu wanga akonza, ana aang'ono akundimvera chisoni. Ndinasesa pakhomo pa sitolo ya eni ake. Inu muli m'firiji mwanu mukuonerera."

Makiyi ananena zoona zokhazo zomwe anali nazo.

"Ndinaopa nkhope yanu."

"Ee. Ine ndinakutchingirani nsalu pabalaza kuti musamaope mdima. Sindinadziwe kuti mudzaopa ine."

Misozi inamutsika Makiyi pamaso pa womata matayala ndi anthu odikira basi, ndipo sanaipukute. Alamu sanamuyang'ane. Anatulutsa foni m'thumba la malaya, n'kumupatsa.

"Batire ikumatha msanga masiku ano. Ndikuganiza kuti ikumavutika n'kufunafuna kwanuko. Ichotseni, iiwale."

Inali ntchito yaing'ono kuposa ija ya Lolemba. Anatsegula pomwe pamakhala mayina a manetiweki, anadina dzina la kampani, foni inafunsa ngati iiwale, iye n'kuvomera. Alamu anailandira, n'kuthokoza mwaulemu ngati akuthokoza wokonza mafoni wa mumsika.

"Achemwali anu ndiwauza lero. Ndatopa n'kuvala malayawa. Akandifunsa ngati munkadziwa, sindinama."

Lamulungu litafika palibe anaimba kuti abwere, palibenso anaimba kuti asabwere. Anapita. Geti lija linatseguka bwinobwino osakhula pansi. Anati odi, chinthu chomwe sanachitepo panyumbapo, ndipo achemwali anatuluka maso atatupa. Sanamukalipire. Anamulowetsa, n'kumuloza mpando wabwino uja wa alendo, wokhala ndi kansalu koluka pamutu. Alamu anatuluka kuchipinda atavala thalauzi ndi nsapato, anamupatsa moni ndi manja awiri, anafunsa za mayi kunyumba, za miyendo yawo, za kuntchito. Anayankha zonse. Chakudya chinabwera m'mbale za m'kabati zija zomwe iye ali mwana ankaletsedwa kuzigwira. Panalibe anamutcha mlongoti, panalibe anamuponyera kanthu m'mbale. Atamaliza anamuperekeza mpaka pageti, n'kumuuza kuti apite bwino, apereke moni kunyumba. Anayenda mpaka pokwerera basi mtima ukuwawa ngati wabwera kumaliro, koma onse anali amoyo.

Mwana anabadwa, wamkazi. Achemwali anabwera kuchipatala ndi thewera ndi sopo, alamu anatumiza mafuno abwino. Makiyi anamva kuti alamuwo apeza ganyu kwa munthu wina wogulitsa matabwa, kutali ndi mbali ino ya tauni. Makiyi ankapitabe Lamulungu lina ndi lina, ndipo mpando unali womwewo.

Kuntchito zinthu zinayenda. Kampani yatsopano ija itangolowa m'sitolo, woyang'anira wawo anadandaula kamodzi kokha kuti kumapeto kulibe netiweki. Sabata yomweyo katoni inafika kunsi kwa masitepe, mkati muli mbale yatsopano, ndi kapepala ka abwana koti iikidwe mwamsanga. Makiyi ananyamula makwerero ake, anadutsa pabwalo, analowa m'sitolo. Mashelefu a kumanzere anali asanasinthidwe. Anapita kumapeto kwa mapaipi, anakoka waya, anaboola, anakhoma, kanyali kobiriwira n'kuyaka.

"Tayesani, akulu," anauza woyang'anira watsopanoyo, iye akadali pamakwerero, laputopu ili pabondo.

Munthuyo anazimitsa wayifayi pafoni yake n'kuyatsanso. Moni woyamba unapita, wachiwiri unabwera. Wachitatu unafika bwinobwino pakati pa zitsulo zonse zija, wachinayi n'kuyankha nthawi yomweyo.

"Yagwira," anatero munthuyo, n'kubwerera ku ntchito yake.

Makiyi anatulutsa foni yake, chala chinapita chokha pa nambala ya alamu. Anaiyang'ana kanthawi. Kenako anaibweza m'thumba, anatsika, anapinda makwerero, n'kubwerera kozizira kuja.